Kukatenga Mkamwini ku Marsabit

Mlongo wanga a Nachisale akakhala ndi nkhani yolemera saimba foni, amangofulasha mobwerezabwereza mpaka ine nditaimba. Loweruka limenelo anafulasha ndili pamzere wodikira matatu, minibasi ya kuno ku Nairobi, yobwerera kunyumba ku Roysambu, ndipo ndisanaimbe n'komwe ndinadziwa kuti nkhani ndi ya Tiyamike.

Tiyamike ndi mwana wawo woyamba. Ndinamuitanitsa ku Nairobi kuti adzaphunzire unamwino, ine ndikugwira ntchito yosindikiza mabuku ku ofesi ya mpingo wina, ndipo ankakhala m'nyumba mwathu ngati mwana wobala tokha. Atamaliza maphunziro anatibweretsera mnyamata wamtali, wosalankhula zambiri, dzina lake Galgalo. Awiriwa ankagwira ntchito pachipatala chimodzi, iye ali mmodzi wa aja othandiza madokotala amene odwala amangowatchula kuti adokotala. Mnyamatayo ndinamukonda, sindingabise. Vuto linali limodzi. Kwawo kunali ku Marsabit, kumpoto kwenikweni kwa Kenya, ndipo anali atanena poyera kuti ukwati ukangochitika atenga mkazi wake kubwerera kwawo, akatsegule kachipatala kamene mpingo unamanga koma kanangokhala kotseka chifukwa chosowa munthu.

"Achimwene, mwana ndinakupatsani kuti aphunzire, osati akatayike kuchipululu," anatero a Nachisale pafonipo. "Mwini mbumba ndinu. Pitani mukawaone makolo akewo, mukawauze kuti kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi."

Ndinayesa kuwakumbutsa kuti chikamwini chimafuna mudzi, pamene ine ku Nairobi ndinali ndi nyumba ya lendi ya pamwamba, yopanda ngakhale poyanika chimanga. Anati Nairobi yemweyo ndi mudzi wokwanira, bola kuli chipatala ndi foni. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera mayi a kunyumba, omwe kwawo ndi ku Chitipa, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati ndipite ndikaone Chitipa ya kuno, mwina ndingasiye kuwanyoza abale awo akamanena kuti Malawi akhale wa fedulo, chigawo chilichonse chizidzionera chokha. Ine ndine wa ku Dedza, msewu wa phula unadutsa kwathu ndikadali mwana, choncho nkhani zoterezi ndinkaziona ngati madandaulo a anthu osayamika.

Tiyamike sitinamuuze zimene ndinatumidwa. Iye ankangodziwa kuti amalume ake akupita kukadziwana ndi apongozi, ndipo anandisitira yekha malaya. M'chikwama ndinaikamo mphatso yabwino kuposa zonse zimene tinali nazo, chambo chouma chimene a Nachisale anatitumizira ndi munthu wina wa pandege, chimene mayi a kunyumba ankachisunga ngati mankhwala. Potsanzikana Tiyamike anandigwira dzanja.

"Ankolo, please, musakawaopseze anthu ndi nkhope yanu ya kutchalitchiyo. Ndi anthu abhobho."

Ndinayankha kuti asadandaule, koma m'maso sindinamuyang'ane.

Mabasi a kumpoto ankanyamukira ku Eastleigh. Anatiuza kuti tifike kusanache, ndipo ine ndi Galgalo tinafikadi kusanache, koma basiyo inanyamuka dzuwa litayamba kale kuluma pakhosi. Inkadikira kudzaza. Ikadzaza anthu, ankabwera wina ndi matilesi. Matilesi akamangidwa pamwamba, dalaivala ankasowa. Injini inali yoyaka nthawi yonseyo pofuna kutinamiza kuti tatsala pang'ono. Ine ndimadana ndi kudikira, ndipo tsikulo ndinali ndi chinthu pamtima, choncho ndinatsika ndi kukwera kangapo mpaka mayi wina wa pakhomo anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba. Galgalo anangokhala phee, manja ali pamaondo. Anati amene akupita kwawoko sayang'ana wotchi.

Msewu wa ku Thika nthawi imeneyo unali wopanikizika, koma titangoutha dziko linatseguka. Minda ya chinanazi, kenako khofi, kenako msika wa ku Karatina, mbatata ndi kabichi zili milumilu. Chimene chinandigwira maso si kubiriwirako ayi, koma mawaya a magetsi olowa m'midzi ndi masukulu pafupifupi pa gulaye aliyense. Ndinamuuza Galgalo kuti dziko lawo ndi lolemera. Anavomera ndi mutu, n'kunena kuti ndidzanenenso mawa. Tinadutsa Nanyuki, tinakwera m'minda ya tirigu ya ku Timau kukuzizira, kenako basi inayamba kutsika, makutu akutseka, ndipo mphepo yolowa pawindo inasanduka yotentha ngati ya m'chigayo. Tinafika ku Isiolo dzuwa litapendeka.

Ku Isiolo ndi kumene phula linkathera. Sindikunena mophiphiritsa ayi. Kumapeto kwa tauni kunali chipata cha chitsulo, ndipo kuseri kwake msewu wakuda unkangoduka, kuyamba miyala. Basi sinkapitirira. Opitirira ankakwera malole a katundu, ndipo malolewo sankayenda okhaokha, ankandondozana m'mawa ndi asilikali a mfuti chifukwa cha achifwamba a m'njira. Mdipiti wa tsikulo unali utapita kale. Wa mawa, anatero mwini lole amene Galgalo anamupeza, unyamuka ngati Mulungu alola komanso ngati katundu akwana.

Mawa lakelo katundu sanakwane. Tinalitha tsikulo m'kahotela ka malata tikumwa chai cha shuga wambiri, ine ndikutuluka kukayang'ana lole ndi kubwerera. Munthu wina wachikulire analowa ali mbuu ndi fumbi, atangotsika kumene kuchokera kumpoto, ndipo ataona Galgalo anamukumbatira n'kumufunsa m'Chiswahili kuti, "Habari ya Kenya?" Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Panalibe wina amene anaseka. Galgalo anandiuza pambuyo pake kuti kwawo munthu akamatsika kumwera amatsanzika kuti akupita ku Kenya, ndipo akabwerera amamufunsa za ku Kenya monga ife timamufunsira munthu za ku Joni. Ndinafunsa kuti nanga iwowo amati ali m'dziko liti. Anati funso limenelo palibe amene anabwera kudzawafunsa.

Tsiku lotsatira, tikukweza zikwama palole, chambo chija chinandiyalutsa. Kutentha kwa masiku amenewo kunali kutachidzutsa. Mayi wina amene anakhala kale pamatumba anakoka mwana wake n'kutseka mphuno ndi mpango, ndipo nkhalamba ina inalavula pansi ikuyang'ana chikwama changa. Galgalo ananditengera pambali n'kufunsa mwaulemu chimene chinali m'katimo. Ndinayankha monyadira kuti ndi nsomba ya kwathu, mphatso ya bambo ake. Anandiuza kuti anthu a kwawo sadya nsomba, amaiona ngati njoka, ndipo okalamba sangamwere m'kapu imene yakhudzana nayo. Ndinapsa mtima ngati watukwana mayi anga. Chambo, chimene ife a ku Nairobi tinkachidya pa Khirisimasi pokha! Koma kupsa mtimako sikunachotse fungo. Ndinakachipereka kwa bambo wina womata matayala, wa ku Kisumu, amene anachilandira ndi manja awiri n'kundidalitsa ine ndi adzukulu anga osabadwa. M'malo mwake Galgalo anandiuza kuti ndigule khofi wosakazinga, shuga, fodya ndi nsalu, ndipo ndinanyamula kathumbako ndikung'ung'udza.

Pachipata chija anationa ziphaso. Pasipoti yanga ya Malawi anangoitembenuza n'kundibwezera, akundifunira ulendo wabwino. Chiphaso cha Galgalo anachiyang'ana nthawi yaitali, kumufunsa dzina la mfumu ya kwawo ndi la agogo ake. Ine mlendo ndinadutsa mosavuta kuposa mwini dziko. Iye sanadandaule, anangochibwezera m'thumba.

Malo a kutsogolo kwa dalaivala anali okwera mtengo kuwirikiza, komanso anali atatengedwa kale ndi msilikali ndi mayi wina wodwala. Ife tinakwera pamwamba. Malole amenewa amapangidwira ng'ombe, choncho pamwamba pake pali zitsulo zopingasa, ndipo anthu amakhala pazitsulozo, miyendo ikulendewera pa matumba a ufa ndi makireti a soda. Ndinali nditavala suti, poti ndinkapita kwa apongozi. Lole itangotsika paphula ndinadziwa kuti ndalakwitsa. Msewuwo unali wa mabampu aang'onoang'ono osatha, ndipo chitsulo chinkandimenya pamalo amodzimodzi mpaka ndinaleka kudziwa ngati ndikadali ndi matako. Fumbi linkalowa m'mano. Tinawoloka mtsinje pa Archer's Post, ndipo kuchokera pamenepo mawaya a magetsi sindinawaonenso. Kunali minga, miyala, ngamila apo ndi apo, ndi anthu oimirira m'mbali mwa msewu atanyamula zigubu zopanda kanthu, akupempha madzi kwa odutsa.

Pafupi nane panakhala anthu awiri amene ndinazolowerana nawo. Wina anali mayi wonenepa wa ku Meru, Mama Kawira, wogulitsa mbatata ndi kabichi ku Marsabit, amene ankakhala pachitsulopo ngati ali pasofa. Wina anali mphunzitsi wa kumpoto komweko, wochepa thupi, wotafuna miraa, aja masamba amene amachotsa tulo. Atamva kuti ndine wa ku Malawi, mphunzitsiyo anafunsa ngati kwathu kulinso anthu oiwalidwa. Ndinati kuli ena amene amadzitchula choncho.

Titadutsa Merille panamveka kuphulika pansi pa lole, ndipo inapendekera mbali imodzi n'kuima. Sipuling'i inali itathyoka. Malole anzathu anaima pang'ono, madalaivala anasuzumira pansi, anakambirana, kenako anapitirira ndi asilikali onse, kulonjeza kuti atumiza chitsulo kuchokera ku Laisamis. Tinatsala tokha pakati pa chipululu dzuwa lili paliwombo. Mthunzi unali umodzi wokha, pansi pa lole, ndipo tonse tinakwawira mmenemo, suti yanga yomwe. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinkatuluka kukayang'ana msewu, kubwerera, kutulukanso, ndikuona chitsamba chilichonse ngati munthu wa mfuti. Foni inalibe netiweki kuyambira ku Isiolo. Ndinkaganiza kuti ndikafera pano, a Nachisale adzamva patapita sabata.

Malole ochokera kumpoto ankatidutsa mwa apo ndi apo, onse atadzaza ng'ombe zopita kukaphedwa ku Nairobi, pamwamba pake patakhala anyamata ndi zikwama zawo. Mphunzitsi uja analoza imodzi ndi tsinde la miraa n'kunena kuti chilichonse chabwino chimatsika, zokwera ndi soda ndi anthu olephera ngati iyeyo. Pamenepo ndi pamene mkangano unayambira. Chinali chaka chija dziko lonse la Kenya linkakangana za malamulo atsopano oyendetsera dziko, ndipo mawu oti majimbo, kutanthauza maboma a m'zigawo, anali pakamwa pa aliyense. Mphunzitsiyo anati popanda majimbo kumpoto sikudzaona phula mpaka Yesu adzabwere, chifukwa ogawa ndalama onse amakhala kumene kuli phula kale. Anati msonkho wa ng'ombe zawo umamanga misewu ya anthu ena. Anati kuseri kwa malire, ku Ethiopia, abale awo ali ndi boma la chigawo chawo ndipo ana amaphunzira m'chinenero chawo.

Mama Kawira anamusiya amalize, kenako anamufunsa kuti ngati kumeneko kuli bwino chomwecho, bwanji abale akewo amawolokabe kudzagula sopo kuno. Anati iye mawu oti majimbo amawadziwa mwa mtundu wina. Zaka za m'mbuyomo mawu omwewo ataphulika, mchemwali wake amene anakwatiwa chigawo china anauzidwa kuti abwerere kwawo, nyumba yake n'kutenthedwa. Anati mukagawa dziko, zigawo zolemera zidzatseka zitseko n'kumadya zokha, zosauka zidzagawana umphawi, ndipo iye ndi kabichi wake adzakhala mlendo pamsika umene wagulitsapo zaka zonsezi. Mphunzitsi anayankha kuti zitsekozo ndi zotseka kale, kungoti sizinalembedwe. Anakangana mpaka mawu kusasa, akumwera m'chigubu chimodzi cha madzi a mayiyo. Ine ndinkamvetsera ndi Chiswahili changa choperewera, ndipo chinandinyansa n'chakuti aliyense akamalankhula ndinkaona kuti akunena zoona. Mawu a mphunzitsiyo ndinali nditawamvapo m'Chichewa, patebulo la m'nyumba mwanga, kwa alamu anga.

Galgalo sanalowerere. Anali akuona mayi wodwala uja, kumunyowetsa pamphumi ndi kansalu. Atabwerera ndinamufunsa kuti iye ali mbali iti. Anati kaya ndalama zichokere ku Nairobi kaya ku Marsabit, jakisoni amafuna dzanja, ndipo manja onse ophunzira amakwera malole a ng'ombe. Kenako anandiuza za mchemwali wake wamkulu. Anali ndi pakati, mwana anakhala mopingasa, ndipo chipatala cha m'tauni chinalibe dokotala wa opaleshoni mwezi umenewo. Anamukweza lole ngati yomweyi kupita ku Isiolo. Sanafike. Anamuika m'manda m'mbali mwa msewu umenewu, kutsogolo kwathuko, Galgalo ali ku sekondale.

"N'chifukwa chake ndinaphunzira ntchitoyi, amalume," anatero. "N'chifukwa chake ndiyenera kubwerera."

Ankayesa kuti akundikopa. Ine ndinamva nkhani yomweyo mwa mtundu wina. Ndinaona Tiyamike ali ndi pakati, atagona pa matumba a ufa, lole itathyoka sipuling'i, ine ndili ku Roysambu ndikudikira foni yosalira. Kufikira pamenepo uthenga wa a Nachisale ndinali nditangounyamula ngati katundu wa eni, koma pansi pa lolepo unasanduka wanga. Ndinafuna kumuuza pomwepo kuti akonzeke. Ndinatsegula pakamwa, n'kumupempha madzi.

Chitsulo sichinabwere. Dalaivala ndi anzake anadula nthambi ya mtengo wa minga, kuimangirira pa sipuling'iyo ndi zingwe za matayala akale, ndipo tinayenda pang'onopang'ono mpaka ku Laisamis kumene tinagona. Kutacha anawotcherera, tinadikiranso mdipiti wina, kenako tinadutsa chigwa cha miyala yakuda chimene sindifuna kuchikumbukira. Pamalo ena Galgalo anavula chipewa n'kuyang'ana kumanzere mpaka tinapitirira. Sindinafunse. Chakumadzulo msewu unayamba kukwera, kunazizira, ndipo tinalowa m'nkhungu ndi mitengo ikuluikulu ya pa phiri la Marsabit. Ndinatsika palole miyendo ikukana, suti itasanduka yofiira.

Kwawo kwa Galgalo kunali kuseri kwa phiri, ndipo tinafikako mawa lake pa kagalimoto ka wamalonda wina. Polowa m'mudzimo tinadutsa kachipatala kaja, kanyumba ka njerwa ka malata abwinobwino, pachitseko pali loko, mbuzi zitagona pakhonde. Bambo ake, a Dida, anali munthu wowonda, wa ndevu zoyera, woyenda ndi ndodo yaitali. Anali ataitana akuluakulu anzawo, ndipo tinakhala pamipando yaifupi pansi pa mtengo, amayi ali chapatali. Khofi uja ndinabweretsa anamukazinga m'mafuta a mkaka, kumuthira mumkaka wotentha, ndipo kapu inazungulira a Dida akudalitsa mvula, ng'ombe, msewu ndi ine. Ndinathokoza mumtima kuti nsomba ija inatsala ku Isiolo.

A Dida sankamva Chingerezi, Chiswahili chawo chinali cha pamsika, ndipo ine Chiborana ndinkangodziwa moni. Womasulira anali mmodzi yekha. Izi sindinaziganizire ndili ku Nairobi. Galgalo anakhala pakati pathu, ndipo mawu onse amene ndinabwera nawo anayenera kudutsa pakamwa pake.

A Dida anayamba ndi kunena kuti ng'ombe zazikazi za mtsikanayo anazipatula kale, nditha kukaziona m'khola. Ndinathokoza, kenako ndinaimirira, poti mwini mbumba salankhula nkhani yotere atakhala. Ndinafotokoza kuti kwathu sitilandira ng'ombe. Ndinati mwana wamkazi ndiye mudzi, ndipo mwamuna akamukonda amabwera kudzamanga kwa mkaziyo, timamutcha mkamwini. Galgalo ankamasulira chiganizo chilichonse, akuluakulu akugwedeza mitu modabwa ndi mwambo wachilendowu. Ndiye ndinafika pachimake. Ndinati mayi a mtsikana ndi ine tikuvomera ukwatiwu ndi mtima wonse, koma pa mfundo imodzi, yakuti awiriwa akakhale ku Nairobi kumene kuli ine, osati kuno.

Galgalo sanamasulire msanga. Ananditembenukira n'kundiyang'ana, ndipo ine ndinayang'ana kapu ya khofi. Akanatha kunena china chilichonse, ine sindikanadziwa. Koma anatembenukira kwa bambo ake n'kulankhula ndi mawu omwe aja, osakweza, osatsitsa. Ndinadziwa kuti wanena zonse chifukwa amayi aja analeka kunong'onezana, ndipo mayi ake anagwira pakamwa.

Ndinali nditakonzekera mkangano. Panjira yonse ndinali nditasula mayankho, za msewu, za madzi, za chipatala. Ndinkayembekeza kuti nkhalambazo zikwiya, ziti mwamuna satsata mkazi, ine n'kuumirira, mwina n'kugwirizana pakatikati. A Dida anakanda pansi ndi ndodo. Kenako analankhula pang'onopang'ono, mwana wawo akunditembenuzira.

"Akuti amva. Akuti simufuna ng'ombe, mukufuna munthu. Akuti ana a m'mudzi muno amene anaphunzira onse ali ku Kenya, ine ndekha ndimati ndibwerera, ndipo iwo anayamba kukhulupirira." Anaima, bambo ake akupitiriza. "Akuti iwo anakwirira mwana wawo wamkazi m'mbali mwa msewu. Sangauze bambo wina kuti abweretse wake." A Dida ananena mawu amodzi omaliza, aafupi, akuyang'ana ine. Galgalo anamasulira. "Akuti munditenge."

Ndinakhala pansi ndisakudziwa kuti ndakhala. Ndinali nditapambana, ndipo ndinamva manyazi ngati ndamenya munthu womangidwa manja. Akuluakulu aja anadalitsanso, kapu inazunguliranso, nkhani n'kutha. Titatsala awiri ndinamuuza Galgalo kuti ngati ali ndi mawu anene, andikalipire ngati akufuna. Anati bambo ake alankhula pamaso pa akulu, ndipo Tiyamike sangamusiye. Anafunsa ngati Tiyamikeyo ankadziwa. Ndinati ayi. Anagwedeza mutu n'kupita kukatenga chikwama chake, chifukwa anthu anali atayamba kale kusonkhana.

Mbiri inali itamveka kuti daktari, ndiye kuti dokotala, wabwera. Anabwera ndi ana otentha thupi, nkhalamba za maso otupa, mwamuna wina wa bala la pamwendo limene linkanunkha patali. Anakhala pamzere pakhonde la kachipatala kotsekako atathamangitsa mbuzi, ndipo Galgalo anawaona mmodzimmodzi ndi timankhwala timene anabwera nato m'chikwama mpaka tinatha. Ine ndinalibe chochita. Ndinayendayenda m'mudzimo, kupita kukhola, kubwerera, kukhala, kuimirira. Ndinkafuna galimoto ibwere msanga.

Lero awiriwa amakhala ku Kitengela, pafupi ndi Nairobi. Ana awo anabadwira m'chipatala cha magetsi, ndipo woyamba anabadwa pa opaleshoni, zimene a Nachisale amandikumbutsa nthawi zonse akafuna kundiyamika. Tiyamike atamva zimene ndinakachita anakhala nthawi yaitali osadya m'nyumba mwanga, koma anadzabwera. Ndikafunsidwa ndimati ndinachita ntchito ya malume, ndipo atandituma kachiwiri ndikhoza kupitanso. Chokhacho, m'mawa umene tinanyamuka m'mudzimo sundichoka m'mutu.

Kagalimoto kaja kanali katafika, zikwama titakweza. Mayi wina wamng'ono, msinkhu wa Tiyamike, anatulukira akuthamanga, mwana ali kumsana. Anali wochokera kutali, uthenga unamupeza mochedwa. Galgalo anamumasula mwanayo, anamutsina khungu la pamimba, anamuyang'ana m'maso, n'kumuuza mayiyo kuti mankhwala atha. Mayiyo sanadandaule. Analoza kachipatala kaja n'kufunsa kanthu akumwetulira. Galgalo anatembenukira kwa ine monga ankachitira dzulo lake pansi pa mtengo.

"Akufunsa kuti ndibwera liti kudzatsegula, kuti adzabwere naye mwanayu. Ndiwauze chiyani, amalume?"

Dalaivala analiza hutala. Mayiyo tsopano ankayang'ana ine, poona kuti wamkulu ndine, wa suti. Ndinafufuza m'mutu mwanga monse, m'Chichewa, m'Chingerezi ndi m'Chiswahili momwe.

"Auzeni azimumwetsa madzi owiritsa," ndinatero.

Galgalo anamasulira zimenezonso, osawonjezera kanthu, ndipo mayiyo anandithokoza.